Mankhwala a Mtima Wofooka Pang'ono: Kufanana ndi Kusiyana Kwake

Kufooka kwa mtima ndi matenda amene mtima umalephera kupopa magazi okwanira thupi lonse, kapena umapopa movutikira mpaka madzi amayamba kuunjikana m'mapapo, m'mimba ndi m'miyendo. Mtimawo umakhala ukugundabe, koma mphamvu zake zachepa. Madokotala amati mtima wafooka pang'ono ngati munthu sakumva vuto lililonse akakhala phee, koma phuma ndi kutopa zimamupeza akamachita zomwe kale ankazichita mosavuta, monga kukwera mtunda, kupalira kapena kusenza ndowa ya madzi.

Mankhwala a matendawa ali m'magulu awiri aakulu. Ena amachotsa madzi ndi kuchepetsa phuma, moti wodwala amamva kusintha pasanathe masiku ambiri. Ena amateteza mtima kuti usapitirire kuwonongeka. Amenewa wodwala sawamva msanga m'thupi, koma ndiwo amachepetsa imfa ndi kugonekedwa m'chipatala. Kafukufuku wa zaka pafupifupi 40 wasonyeza kuti mankhwala opatsa mpumulo msanga sikuti onse amatalikitsa moyo, ndiponso kuti wodwala amapindula kwambiri akamwa magulu anayi a mankhwala oteteza pamodzi kusiyana ndi gulu limodzi lokha.

## Kayezedwe ka matendawa

Muyeso wodziwika kwambiri ndi wa bungwe la New York Heart Association, umene unayamba mu 1928. Umagawa odwala m'magawo anayi. M'gawo loyamba mtima uli ndi vuto koma ntchito za tsiku ndi tsiku sizibweretsa phuma. M'gawo lachiwiri ntchito zomwezo zimayamba kutopetsa ndi kubanikitsa. M'gawo lachitatu ngakhale kusamba kapena kuvala kumabweretsa wefuwefu, pomwe m'gawo lachinayi munthu amabanika ngakhale atagona. Kufooka pang'ono ndi gawo loyamba ndi lachiwiri.

Muyeso wina umachokera pa sikani ya mtima yotchedwa echo. Chipinda chachikulu chakumanzere kwa mtima chimadzadza magazi kenako n'kufinya, ndipo gawo la magazi lomwe limatuluka pa kufinya kulikonse limatchedwa ejection fraction. Mtima wathanzi umatulutsa pakati pa 50 ndi 70 peresenti. Ukamatulutsa 40 peresenti kapena kucheperapo, ndiye kuti kufinya kwafooka, ndipo umboni wochuluka wa mankhwala ukukhudza odwala amenewa. Palinso odwala omwe mtima wawo umafinya bwino koma makoma ake alimba moti sudzadza mokwanira. Chithandizo chawo n'chosiyanako.

Kuchepa kwa zizindikiro sikutanthauza kuti ngozi ndi yochepa. Pa kafukufuku wa EMPHASIS-HF, yemwe anatenga odwala a gawo lachiwiri okhaokha, 15.5 peresenti ya omwe sanalandire mankhwala oyesedwawo anamwalira pa nthawi ya miyezi pafupifupi 21.

## Zomwe zimachitika m'thupi

Mtima ukafooka, thupi limachita ngati lataya magazi ambiri. Impso zimatulutsa renin, amene amayambitsa kupangidwa kwa angiotensin II, homoni yofinya mitsempha ya magazi. Homoni ina, aldosterone, imauza impso kuti zisunge mchere ndi madzi. Adrenaline ndi noradrenaline zimathamangitsa mtima ndi kuukakamiza kufinya kwambiri. Kwa munthu wovulala amene akutaya magazi, zimenezi zimapulumutsa moyo. Koma zikapitirira miyezi ndi zaka, mtima wofooka kale umapopera m'mitsempha yothina, umasenza madzi ochuluka ndipo supuma. Mapeto ake umakula, makoma ake amatanuka ndi kuchita zipsera, ndipo kagundidwe kake kamasokonekera. Ambiri mwa mankhwala otalikitsa moyo amagwira ntchito potchinga mahomoni amenewa.

Pofananitsa mankhwala, ofufuza amagawa odwala mwamaere: ena amalandira mankhwala oyesedwawo, ena mankhwala akale kapena mapiritsi ongofanizira opanda mankhwala. Kenako amaona zinthu zitatu: mmene wodwala akumvera, kuchuluka kwa ogonekedwa m'chipatala, ndi kuchuluka kwa omwalira. Zitatuzi siziyendera limodzi nthawi zonse.

## Mankhwala okodzetsa

Furosemide, wodziwikanso ndi dzina la Lasix, anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1960. Amachititsa impso kutaya mchere ndi madzi mumkodzo, ndipo palibe mankhwala ena omwe amachotsa kutupa ndi phuma mofulumira chotere. Munthu yemwe ukadina ndi chala pamwamba pa akakolo pamatsala kadzenje, pakatha masiku angapo nsapato zake zimayambanso kulowa, ndipo yemwe ankagona chokhala, atasanjikiza mitsamiro itatu, amayamba kugona ndi umodzi. Kwa wofooka pang'ono mlingo woyambira umakhala 20 kapena 40 mg m'mawa, kuti asamadzukedzuke usiku kukataya madzi.

Kufunika kwa okodzetsa kunaoneka bwino mu 1987 ku England, pamene odwala 14 ofooka pang'ono anayesedwa pomwa captopril yekha, mmodzi mwa mankhwala oteteza mtima, m'malo mwa okodzetsa furosemide ndi amiloride. Anayi mwa iwo madzi anabwerera m'mapapo. Choncho mankhwala oteteza mtima salowa m'malo mwa okodzetsa kwa munthu amene thupi lake limasunga madzi. Komabe palibe kafukufuku wamkulu yemwe anatsimikiza kuti furosemide amatalikitsa moyo. Pa kafukufuku wa TRANSFORM-HF wa mu 2023, wokhudza odwala 2,859 ku United States, furosemide ndi wokodzetsa wina, torsemide, sanasiyane pa chiwerengero cha omwalira.

Mlingo ukachuluka, munthu amauma m'thupi, amamva chizungulire akaimirira, impso zimavutika ndipo potaziyamu amachepa m'magazi. N'chifukwa chake madokotala amafuna mlingo wochepetsetsa womwe ungaletse madzi kubwerera. Wodwala wa gawo loyamba amene sanatupepo sangafunike okodzetsa n'komwe.

## Digoxin ndi mankhwala okakamiza mtima

Digoxin ndi wa mtundu wakale kwambiri pa mankhwala onsewa. Mu 1785 dokotala William Withering wa ku Birmingham analemba za mmene masamba a chomera cha foxglove ankachepetsera kutupa, ndipo mu 1930 Sydney Smith anapatula digoxin kuchokera ku mtundu wina wa chomerachi. Digoxin amawonjezera mphamvu ya kufinya ndi kuchepetsa liwiro la mtima.

Mu 1988 ofufuza a ku America anafananitsa captopril, digoxin ndi mapiritsi ongofanizira pa odwala 300 omwe matenda awo sanafike poipa. Captopril anathandiza odwala kupirira nthawi yaitali pa makina oyendera ndipo anachepetsa zizindikiro. Digoxin anakweza ejection fraction kuposa captopril. Onse awiri anachepetsa kufunika kowonjezera okodzetsa ndi kupita kuchipatala. Funso la imfa linayankhidwa mu 1997 ndi kafukufuku wa DIG, wokhudza odwala 6,800: digoxin anachepetsa kugonekedwa chifukwa cha mtima, koma omwalira anali ofanana m'magulu onse awiri.

Mankhwala ena okakamiza mtima anapereka phunziro lowawa. Xamoterol anaoneka wabwino mu 1988 pa kafukufuku wa ku Germany ndi Austria, chifukwa anachepetsa phuma ndi kutopa. Atayesedwa pa odwala kwambiri mu 1990, imfa zinachuluka kuposa kawiri. Milrinone wakumwa anawonjezera imfa ndi 28 peresenti pa kafukufuku wa PROMISE mu 1991. Kukakamiza mtima wofooka kuli ngati kukwapula ng'ombe yotopa yomwe ikukoka ngolo pamtunda: imathamangadi kanthawi, koma imagwa msanga.

Masiku ano digoxin amaperekedwa makamaka kwa odwala omwe mtima wawo ukugunda mothamanga ndi mosokonekera, vuto lotchedwa atrial fibrillation, kapena omwe zizindikiro zikupitirira ngakhale akumwa mankhwala ena onse. Mlingo wothandiza ndi wovulaza uli pafupi kwambiri. Nseru, kusanza, kuona zinthu ngati zachikasu ndi kugunda kosokonekera ndi zizindikiro zoti wachuluka m'magazi. Ngoziyi imakula kwa okalamba, kwa omwe impso zawo zafooka, ndi pamene furosemide wachepetsa potaziyamu.

## Enalapril, losartan ndi sacubitril-valsartan

Gulu la ACE inhibitor linachokera ku ululu wa njoka ya ku Brazil yotchedwa jararaca, umene Sérgio Ferreira anaufufuza m'zaka za m'ma 1960. Kampani ya Squibb inapanga captopril mu 1975, ndipo analoledwa ku United States mu 1981. Pambuyo pake panabwera enalapril, lisinopril ndi ramipril. Onsewa amaletsa kupangidwa kwa angiotensin II, motero mitsempha imamasuka ndipo mtima umapopa mosavutikira.

Kafukufuku wa CONSENSUS mu 1987 anasonyeza kuti enalapril amachepetsa imfa mwa odwala a gawo lachinayi. Kwa ofooka pang'ono umboni unabwera ndi SOLVD mu 1991. Mwa odwala 2,569, ambiri a gawo lachiwiri ndi lachitatu, omwalira anali 35.2 peresenti pa omwa enalapril ndi 39.7 peresenti pa enawo, pa zaka pafupifupi zitatu ndi theka. Chaka chotsatira, gawo lachiwiri la SOLVD, lokhudza anthu 4,228 omwe mtima wawo unali wofooka pa sikani koma asanayambe kumva kanthu, linasonyeza kuti enalapril amachedwetsa kuyamba kwa zizindikiro.

Enalapril amayambidwa pa 2.5 mg kawiri patsiku, n'kumakwezedwa kufika pa 10 kapena 20 mg kawiri patsiku. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa 10 amayamba chifuwa chouma chokeresa pakhosi. Vuto losowa koma loopsa ndi kutupa kwa milomo, lilime ndi kukhosi, kumene kungatseke mpweya, ndipo kumachitika kwambiri kwa anthu akuda kuposa azungu. Zikatero munthu ayenera kusiya mankhwalawo ndi kuthamangira kuchipatala.

Gulu la ARB, momwe muli losartan, valsartan ndi candesartan, limatchinga pamene angiotensin II amagwira, ndipo silibweretsa chifuwa kawirikawiri. Pa kafukufuku wa ELITE II mu 2000, losartan sanapose captopril. Pa CHARM-Alternative mu 2003, candesartan anachepetsa ndi 23 peresenti imfa za mtima ndi kugonekedwa mwa odwala omwe ACE inhibitor sanawayanje. Choncho ARB amalowa m'malo mwa ACE inhibitor ngati uyu wakanika, ndipo awiriwa samwedwa pamodzi.

Sacubitril-valsartan amaphatikiza valsartan ndi mankhwala oteteza mahomoni omwe mtima umapanga wokha pofuna kutaya mchere ndi kumasula mitsempha. Pa PARADIGM-HF mu 2014 anafananitsidwa ndi enalapril pa odwala oposa 8,000, omwe 70 peresenti anali a gawo lachiwiri. Omwalira anali 17.0 peresenti poyerekeza ndi 19.8 peresenti pa omwa enalapril. Amatsitsa BP kwambiri kuposa enalapril, ndi wokwera mtengo, ndipo wosintha kuchoka pa ACE inhibitor amadikira maola 36 asanamuyambe, kupewa kutupa kwa kukhosi. ACE inhibitor, ARB ndi sacubitril-valsartan onse saloledwa kwa mayi woyembekezera chifukwa amawononga impso za mwana wosabadwayo.

## Ma beta-blocker

Kwa zaka zambiri mabuku a zachipatala ankaletsa ma beta-blocker kwa wofooka mtima, poti amachepetsa liwiro ndi mphamvu ya kufinya. Mu 1975 Finn Waagstein ndi anzake ku Gothenburg m'dziko la Sweden analemba za odwala ochepa omwe anapeza bwino atapatsidwa mankhwalawa, koma panatenga zaka zoposa 20 kuti umboni waukulu upezeke. Mu 1999 kafukufuku wa MERIT-HF, wa odwala 3,991, anapeza kuti metoprolol succinate anatsitsa imfa kuchoka pa 11.0 kufika pa 7.2 peresenti pachaka. Chaka chomwecho CIBIS-II anapeza kuti bisoprolol amachepetsa imfa ndi 34 peresenti, ndipo mu 2001 COPERNICUS anapeza zofanana ndi carvedilol. Phinduli linabwera pamwamba pa la ACE inhibitor, chifukwa odwala ambiri ankamwa kale mankhwala amenewo. Ma beta-blocker amachepetsanso imfa yadzidzidzi, yomwe ndiyo imapha ambiri mwa ofooka pang'ono.

Si beta-blocker aliyense amene ali ndi umboniwu. Pa COMET mu 2003, omwalira anali 34 peresenti pa omwa carvedilol ndi 40 peresenti pa omwa metoprolol tartrate, mtundu wosakhalitsa m'magazi. Atenolol ndi propranolol, omwe amapezeka mosavuta, alibe umboni wotere pa matendawa. Pa funso la choyambira, CIBIS III mu 2005 anafananitsa kuyamba ndi bisoprolol ndi kuyamba ndi enalapril pa odwala 1,010 a zaka 65 kupita m'tsogolo, ndipo zotsatira zinali zofanana ndithu.

Beta-blocker amayambidwa madzi atachotsedwa kale m'thupi, pa mlingo wochepa kwambiri: bisoprolol 1.25 mg kamodzi patsiku kapena carvedilol 3.125 mg kawiri patsiku. Mlingowo umakwezedwa pakatha masabata awiri alionse kufika pa 10 mg wa bisoprolol kapena 25 mg kawiri patsiku wa carvedilol. M'masabata oyamba ena amamva kufooka kuposa kale, ndipo ubwino wake umamveka pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Apa m'pamene odwala ambiri amagwa ulesi n'kusiya. Mankhwalawa amafuna kusamala kwa odwala mphumu ndi omwe mtima wawo ukugunda kosakwana 50 pamphindi, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi.

## Spironolactone ndi eplerenone

Awa amatchinga aldosterone. Ngakhale spironolactone amawerengedwa m'gulu la okodzetsa, pa mlingo wa 25 mg ntchito yake yaikulu ndi kuletsa zipsera m'minofu ya mtima ndi kusunga potaziyamu. Pa RALES mu 1999 anachepetsa imfa ndi 30 peresenti mwa odwala 1,663 a gawo lachitatu ndi lachinayi. Kwa zaka zoposa 10 gululi linkasungidwira odwala kwambiri, mpaka EMPHASIS-HF anasonyeza mu 2011 kuti eplerenone amathandizanso a gawo lachiwiri. Mwa odwala 2,737, imfa za mtima ndi kugonekedwa zinatsika ndi 37 peresenti, ndipo omwalira anali 12.5 peresenti poyerekeza ndi 15.5.

Spironolactone ndi wotsika mtengo ndipo amapezeka m'maiko ambiri, koma pa RALES mwamuna mmodzi mwa 10 anatupa kapena kumva kuwawa mabere. Eplerenone sachita zimenezi kawirikawiri, koma ndi wodula. Ngozi yaikulu ya onse awiri ndi kukwera kwa potaziyamu, kumene kungaimitse mtima popanda chenjezo. Sayambidwa ngati potaziyamu waposa 5.0 kapena impso zafooka kwambiri, ndipo magazi amayezedwa pakatha sabata imodzi, pakatha mwezi, kenako pafupipafupi.

## Dapagliflozin ndi empagliflozin

Mankhwala a gulu la SGLT2 inhibitor anapangidwira matenda a shuga. Amachititsa impso kutaya shuga ndi mchere mumkodzo. Ofufuza atazindikira kuti odwala shuga omwe ankawamwa sankagonekedwa kawirikawiri ndi vuto la mtima, anawayesa pa kufooka kwa mtima kwenikweniko. Pa DAPA-HF mu 2019, wa odwala 4,744 omwe awiri mwa atatu alionse anali a gawo lachiwiri, dapagliflozin anachepetsa ndi 26 peresenti kuipiraipira kwa matenda ndi imfa za mtima. Pa EMPEROR-Reduced mu 2020, empagliflozin anachepetsa ndi 25 peresenti, makamaka pa kugonekedwa. Phinduli linali lofanana kwa odwala shuga ndi opanda shuga.

Poyerekeza ndi magulu ena, awa ndi osavuta: 10 mg kamodzi patsiku, popanda kukweza mlingo. Satsitsa BP kwambiri, sakweza potaziyamu, amateteza impso, ndipo phindu lawo limayamba kuoneka m'masabata oyamba. Zovuta zake ndi matenda oyabwa kumaliseche chifukwa cha shuga wa mumkodzo, kuuma m'thupi, komanso kuchuluka kwa asidi m'magazi, komwe sikuchitikachitika koma n'koopsa makamaka kwa odwala shuga. Amaimitsidwa munthu akamasanza, akamatsegula m'mimba kapena akamakonzekera opaleshoni.

## Hydralazine, isosorbide dinitrate ndi ivabradine

Hydralazine pamodzi ndi isosorbide dinitrate amamasula mitsempha popanda kudzera mu angiotensin. Pa V-HeFT II mu 1991 anafananitsidwa ndi enalapril pa amuna 804, ndipo patatha zaka ziwiri omwalira anali 25 peresenti poyerekeza ndi 18 peresenti pa omwa enalapril. Koma pa A-HeFT mu 2004, atawonjezedwa pamwamba pa mankhwala ena kwa anthu akuda 1,050 a ku America, a gawo lachitatu ndi lachinayi, anachepetsa imfa ndi 43 peresenti. Kwa wofooka pang'ono amagwiritsidwa ntchito pamene enalapril ndi anzake sangaperekedwe, monga pa pathupi kapena impso zikafooka kwambiri. Amamwedwa katatu patsiku ndipo amapweteketsa mutu.

Ivabradine amangochepetsa liwiro la mtima. Pa SHIFT mu 2010 anachepetsa ndi 18 peresenti imfa za mtima ndi kugonekedwa, makamaka kugonekedwako, mwa odwala omwe mtima wawo unkagunda mwadongosolo koma maulendo 70 kapena kuposa pamphindi. Amawonjezedwa pamene beta-blocker wafika pomwe wodwala angathe.

## Kuphatikiza magulu anayi

Malangizo a European Society of Cardiology a mu 2021 ndi a mabungwe a ku America a mu 2022 amagwirizana kuti wodwala aliyense amene ali ndi zizindikiro ndipo ejection fraction yake ndi 40 peresenti kapena kucheperapo azilandira magulu anayi: ACE inhibitor, ARB kapena sacubitril-valsartan, beta-blocker, spironolactone kapena eplerenone, ndi SGLT2 inhibitor. Okodzetsa amawonjezedwa malinga ndi madzi omwe ali m'thupi. Gulu lililonse limatseka njira yakeyake yowonongera mtima, choncho phindu limaunjikana.

Kale madokotala ankayamba ndi gulu limodzi, n'kulikweza mpaka pamapeto asanayambe lina, zomwe zinkatenga miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Tsopano amayamba magulu onse pa mlingo wochepa m'masabata ochepa, kenako n'kumakweza. Kafukufuku wa STRONG-HF wa mu 2022, yemwe anachitika m'maiko 14 kuphatikizapo Mozambique, Nigeria ndi South Africa, anapeza kuti odwala otuluka m'chipatala omwe mankhwala awo anakwezedwa mofulumira ndi kuonedwa pafupipafupi, 15.2 peresenti ndiwo anamwalira kapena kugonekedwanso pa masiku 180, poyerekeza ndi 23.3 peresenti pa enawo.

Choyambira chimatengera wodwala. Wa BP yotsika amayanjana ndi SGLT2 inhibitor ndi spironolactone. Wa mtima wothamanga amene alibe madzi m'thupi amayamba msanga beta-blocker. Wa BP yokwera amapindula msanga ndi enalapril kapena sacubitril-valsartan.

## Mtima wofinya bwino koma wolimba

Kwa odwala omwe ejection fraction yawo ndi 50 peresenti kupita m'mwamba, ACE inhibitor, ARB ndi beta-blocker sanaonetse phindu lomveka pa imfa. Kusintha kunabwera ndi EMPEROR-Preserved mu 2021 ndi DELIVER mu 2022, omwe anatenga odwala a ejection fraction yoposa 40 peresenti. Empagliflozin ndi dapagliflozin anachepetsa kuipiraipira kwa matenda ndi imfa za mtima ndi 21 komanso 18 peresenti, makamaka pochepetsa kugonekedwa. Mu 2024 finerenone, wa m'gulu lotchinga aldosterone, anaonetsanso phindu pa FINEARTS-HF. Chithandizo china ndi okodzetsa, kutsitsa BP, kusamala shuga ndi kuchepetsa kunenepa.

## Mmene zilili mu Africa

Kafukufuku wambiri wa mankhwalawa anachitika ku Ulaya ndi ku America, kumene odwala ambiri ndi achikulire omwe mitsempha yodyetsa mtima inatsekeka. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara zinthu n'zosiyana. Kafukufuku wa THESUS-HF wa mu 2012, wotsogoleredwa ndi Albertino Damasceno wa ku Maputo ndi anzake, anaona odwala 1,006 m'maiko 9. Zaka zawo zinali pafupifupi 52. BP ndiyo inayambitsa matendawa mwa 45 peresenti, kuwonongeka kwa mavavu a mtima kotsatira zilonda zapakhosi za paubwana mwa 14 peresenti, pomwe kutsekeka kwa mitsempha yodyetsa mtima sikunafike 10 peresenti.

Kusiyana kumeneku kumakhudza kasankhidwe ka mankhwala. Mwana kapena wachinyamata amene vavu yake yathina safunika magulu anayi aja. Amafunika okodzetsa, mankhwala ochepetsa liwiro la mtima, jakisoni wa benzathine penicillin pa masabata atatu kapena anayi alionse, ndipo nthawi zina opaleshoni. Mayi amene mtima wafooka kumapeto kwa pathupi amathandizidwa ndi hydralazine, nitrate, beta-blocker ndi okodzetsa, ndipo enalapril amayamba akabereka. Madzi ozungulira mtima chifukwa cha chifuwa chachikulu cha TB, ngakhalenso kuchepa kwambiri kwa magazi, zimabweretsa phuma ndi kutupa kofanana, koma mankhwala ake ndi ena. N'chifukwa chake sikani ya mtima ndi yofunika pachiyambi penipeni.

Enalapril, losartan, bisoprolol, spironolactone, furosemide ndi digoxin ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la World Health Organization. Izi zikutanthauza kuti magulu atatu mwa anayi aja alipo pa mtengo wotsika. Mu 2022 nduna za zaumoyo za mu Africa zinavomereza ku Lomé ndondomeko ya PEN-Plus, yofikitsa chithandizo cha matenda aakulu osapatsirana, kuphatikizapo a mtima, ku zipatala za m'maboma. Ku Malawi njirayi inayambira m'boma la Neno.

## Zoyenera kusamala

Mankhwala ena amabwezera matendawa m'mbuyo. Opha ululu monga ibuprofen, diclofenac ndi indomethacin, omwe anthu amagula okha m'magolosale ndi m'mafamase ndi maina a Brufen kapena Indocid, amasungitsa mchere ndi madzi ndipo amavulaza impso, makamaka akakumana ndi enalapril ndi furosemide. Paracetamol ndiye woyenera pa ululu wamba. Verapamil ndi diltiazem amafooketsa kufinya kwa mtima, ndipo pioglitazone wa shuga amatupitsa. Amlodipine sawononga mtima wofooka, koma sauteteza. Mchere wochuluka m'ndiwo, usipa wothira mchere, soda ndi mowa zimachepetsa mphamvu ya chithandizo.

Wodwala akakhala ndi sikelo, ndi bwino adziyeze m'mawa uliwonse. Thupi likalemera ndi makilogalamu oposa 2 pa masiku atatu, ndiye kuti madzi akubwerera, ngakhale miyendo isanatupe. Kutsegula m'mimba ndi kusanza kumafuna kuonana ndi achipatala tsiku lomwelo, chifukwa okodzetsa, enalapril ndi spironolactone angavulaze impso za munthu wouma m'thupi.

Mtima ukhoza kupezanso mphamvu mpaka sikani kuoneka ngati ya munthu wathanzi, koma kumeneko si kuchira kotheratu. Pa kafukufuku wa TRED-HF wa ku London mu 2019, odwala 51 omwe mtima wawo unabwerera mwakale anayesedwa posiyitsidwa mankhwala pang'onopang'ono, ndipo pafupifupi anayi mwa 10 alionse matenda anayambiranso pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Wodwala amene akumva bwino apitirize kumwa mankhwala ake onse monga anauzidwira, aziyezetsa magazi pa nthawi yake, ndipo asasinthe kapena kusiya mlingo uliwonse asanakambirane ndi dokotala wake.